Mayi Amene Ndinamubweza Pamlatho

M'kabati mwanga muli matisheti okwana kuveka kwaya yonse ya kutchalitchi. Ena ndi oyera, ena achikasu, ena anasuluka mpaka zilembo zikuchita kusowa, koma onse akunena chinthu chimodzi: ukapolo uthe padziko lonse lapansi. Masiku ano ndimawavala popita kumunda. Padziko lonse lapansi! Ine amene ndinalephera kuwolotsa mayi mmodzi ndi mwana wake pa kamtsinje koti ngakhale mbuzi imalumpha. Mayiyo ankafuna kutuluka pa esiteti ya fodya, anasankha ine kuti ndimutulutse, ndipo ine ndinamubweza ndi pakamwa panga pomwe.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ku Mchinji ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi, pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Ludzi, zaka zimene zipani zinali zitangochuluka kumene. Nthawi imeneyo mawu oti ufulu anali pakamwa pa aliyense, ngakhale pa woledzera amene wagwera m'ngalande. Kutchalitchi kwathu kunabadwa kagulu kolimbana ndi ntchito yokakamiza. Tinalipo atatu okha amene tinkabweradi kumisonkhano: bambo wina wopuma pa ntchito ya ukalaliki, amene tinamusankha kukhala wapampando chifukwa anali ndi jekete, namwino wina wa ku Boma, ndi ine.

Tsiku lina anatiitanira ku Lilongwe kumaphunziro a masiku atatu. Kunabwera alendo ochokera kunja, natiwonetsa zithunzi za ana oluka makapeti, za mabanja oumba njerwa, za amuna otsekeredwa m'sitima zapamadzi zaka ndi zaka. Anati zonsezi ndi chingwe chimodzi, ndipo nsonga ina ya chingwecho ili m'minda ya fodya ya kwathu kuno. Pomaliza anatipatsa aliyense tisheti, mulu wa mafomu ndi chikwama chakuda cha zipi. Ndisaname, chikwamacho ndinachikonda kuposa zonse zimene anatiphunzitsa.

Za matenanti sindinkafunika mzungu kuti andiuze. Chaka chilichonse m'chilimwe malole ankapita kummwera, ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo, n'kubwerako atadzaza mabanja ndi mphasa zawo. Akafika pa esiteti, banja lililonse linkapatsidwa ndime yolima, kanyumba kaudzu ndi phoso la chimanga. Malipiro ankati adzaoneka fodya akadzagulitsidwa ku okushoni, ndipo tsikulo lisanafike palibe wochoka. Unyolo sunkafunika. Kwawo kunali ulendo wa masiku awiri, m'thumba mulibe kanthu, pageti pali mlonda. Agogo awo ankalitcha thangata, ife pa mafomu tinkalemba kuti ukapolo wamakono, koma msana wopweteka unali womwewo.

Ine anandigawira esiteti ina ya cha ku Mavwere. Ndinkakwera matola Loweruka m'mawa, kutsika pamphambano, n'kuyenda wapansi pafupifupi ola lathunthu. Panjira pankadutsa kamtsinje kokhala ndi mlatho wa mitengo, ndipo pamenepo m'pamene panali malire a esitetiyo. Ukawoloka n'kukwera kachitunda unkafika pageti.

Kagwiridwe kathu ka ntchito kanali ka anthu oleredwa bwino. Pakhomo pa munthu sulowa wopanda odi, choncho ndinayambira kunyumba kwa mwini esiteti. Anali bambo wonenepa bwino, woseka, wodziwa mavesi. Anandikhazika pakhonde, nandipatsa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini.

“Aphunzitsi, mwachita bwino kubwera,” anatero. “Ife pano tilibe chobisa. Anthuwa ndi ana anga. Kapitawo, ayendetse alendowa paliponse pamene akufuna.”

Ndinathokoza. Ndinathokozadi, poganiza kuti andipatsa ulemu. Kapitawo, munthu wamtali wosalankhulalankhula amene ankayang'anira matenanti, anandiyendetsa chigafa ndi chigafa. Unali mwezi wa Febuluwale, nyengo yothyola ndi kusoka fodya. M'zigafa monse anthu anali chikhalire pansi, akusoka masamba n'kumawapachika kuti aume. Ine ndinkafunsa, kapitawo ataima kumbuyo kwanga.

“Chakudya mumalandira chokwanira?”

“Timalandira.”

“Mutafuna kupita kwanu lero, mungapite?”

“Tingapite.”

Ndinkachonga pa fomu, n'kupita kwa wina. Esiteti yonse inali ya anthu okhuta ndi omasuka.

M'chigafa chomaliza ndinapeza mayi ali yekha, mwana ali kumsana. Sanali wamkulu kuposa ine. Zala zake zinali zakuda bii ndi utomoni wa fodya. Kapitawo ndi amene anafotokoza za iye, ngati mwini wake palibe: kwawo ndi ku Phalombe, mwamuna wake anamwalira mwezi wa Disembala, anamuika kuseri kwa nazale. Ndime imene ankalima awiri, tsopano anayenera kuimaliza yekha.

“Abwana anamuchitira chifundo,” anatero kapitawo. “Ena akanamuthamangitsa.”

Ndinamufunsa mayiyo funso lomwe lija, ngati angapite kwawo atafuna. Anasoka masamba awiri, atatu, kenako anati, “Kwathu n'kutali, aphunzitsi.”

Pa fomu panali mabokosi awiri, la inde ndi la ayi. La kutali panalibe, choncho ndinadumphapo. Ndikutseka chikwama, anandifunsa osadzutsa mutu, “Mubweranso liti?”

“Loweruka linalo, Mulungu akalola.”

Loweruka linalo ndinapitadi. Ndinamwanso tiyi pakhonde, kapitawo ananditenganso. Titafika kuzigafa zakumapeto dzuwa lili pamutu, mayi uja anatulukira, nagwada patsogolo panga.

“Aphunzitsi, tafikani kunyumba kwanga. Ndaphika kadzungu.”

Ndinayamba kukana, monga timachitira. Munthu wolandira phoso lopimidwa ndi mbale ungamudyere bwanji? Koma anachonderera mpaka ndinachita manyazi. Anandiyalira chiguduli pakhomo pa kanyumba kake, nandipatsa madzi osamba m'manja ndi chidutswa cha dzungu m'mbale yachitsulo. Chikwama changa anachitenga n'kukachiika m'nyumba, akuti chingade ndi fumbi. Kapitawo anakhala pa chitsa chapafupi akusenda ndodo ndi mpeni. M'nyumbamo ndinasuzumiramo pang'ono. Munali mbee, mopanda poto, mopanda mphasa, ndipo ndinangoti mumtima, umphawi wake ndi umenewu.

Panopa ndikudziwa chimene dzungu lija linali. Kufikira nthawi imeneyo ndinali mlendo wa abwana. Nditangodya pakhomo pa mayiyo ndinasanduka mlendo wake, ndipo mlendo wako umamuperekeza. Tenanti sankaloledwa kutuluka pageti, koma ndani m'dziko muno angaletse munthu kuperekeza mlendo wake, mlendoyo akumva? Mayi wosadziwa kulemba dzina lake anapeza khomo limene ife a mafomu sitinaliganizepo n'komwe.

Nditatsanzika, analowa m'nyumba, natuluka mwana ali kumsana, chikwama changa chili pamutu.

“A kapitawo, ndikawataye alendowa.”

Kapitawo anayang'ana iye, anayang'ana ine. “Mpaka pageti,” anatero, nanyamuka kutitsatira chapatali.

Tinayenda, iye patsogolo, ine pambuyo. Ndinaona kuti wavala nsapato zapulasitiki, pamene ulendo woyamba anali wopanda nsapato. Ndinaona kuti m'chiuno mwatukuka ngati wanenepa sabata imodzi. Ndinaona thukuta likuyenderera m'khosi mwake. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo chimene ndinatolapo n'chakuti mayiyu watopa, mwina akudwala, ndisamuyendetse mtunda wautali.

Pageti ndinaima. “Zikomo kwambiri, mayi. Bwererani pano.”

“Ayi aphunzitsi, ndikufikitseni pamlatho.”

Mlonda ankandidziwa kuti ndine uja womwa tiyi kwa abwana, ndiye anatsegula osafunsa. Tinatsika kachitunda kaja. Mayiyo anayamba kuyenda mofulumira moti ine, wopanda katundu, ndinkachita kuthamangira. Kumbuyo ndinkamva mapazi a kapitawo. Tinafika pamlatho, iye anali atapondapo kale mtengo woyamba.

Amayi anga anandilera ndi malamulo ochepa, koma limodzi linali lakuti munthu akakuperekeza usamulole kutopa nawe. Umamubweza, akakana umamubwezanso, kachitatu umalanda katundu wako. Mlendo amene amalola kuperekezedwa mpaka kumsewu ndi wodzimva. Ndiye panalinso china, chimene chimandichititsa manyazi kwambiri: ndinkafuna kapitawo aone kuti ine sindili ngati abwana ake, sindisenzetsa wamasiye chikwama mtunda wonse.

“Basi mayi, apa pokha mwakwanitsa. Bwererani.”

“Msewu uli pafupi, aphunzitsi. Ndikufikitseni pamsewu.”

“Iyayi, mwanayu angapse ndi dzuwa.”

“Sapsa. Anazolowera.”

Ananena motsitsa, osatembenuka. Ine ndinakweza mawu, mwansangala, kuti ulemu wanga umveke mpaka kumbuyo. “Mwandiperekeza mokwanira! Bwererani, ntchito ikukudikirani.” Ndinagwira chikwama pamutu pake n'kukoka. Sanachisiye. Kwa kanthawi tinachigwira tonse awiri, ine ndikuseka, ndikuyesa ndi ulemu wa anthu a kummwera. Anandiyang'ana m'maso kamodzi kokha, kenako zala zakuda zija zinamasuka.

“Wamva,” anatero kapitawo, amene tsopano anali pambali pathu. “Alendo akuti ubwerere.”

Anthu andifunsapo kuti nanga bwanji sanangonena. Anene pati? Kapitawo anali mapazi khumi kumbuyo kwake. Komanso ankadziwa bwanji kuti ndine wa ndani, munthu amene kawiri konse ndinayambira pakhonde la abwana n'kutuluka ndikupukuta majarini pamlomo? Iye anachita mbali yake yonse. Chimene chinatsalira ine chinali kutseka pakamwa n'kumayenda, ndipo tikanafika pamsewu, pagulu la anthu odikira matola, kapitawo sakanamukoka pamaso pa mphunzitsi.

Anagwada pang'ono, nati, “Muyende bwino.” Anatembenuka n'kuyamba kukwera kachitunda, kapitawo pambuyo pake. Ine ndinawoloka ndili wokondwa. M'matola ndinkaganiza zoti ndidzamutengere sopo.

Kunyumba ndinakoleka chikwama pa msomali. Sabata imeneyo kunali mayeso kusukulu, kenako maliro a mnzathu wina. Ndinadzachitsegula patapita masiku asanu ndi anayi, pofuna kulemba lipoti la kagulu kathu. Pakati pa mafomu panali kajumbo ka shuga kopindidwa bwinobwino, ndipo m'kati mwake munali kadi ya kusikelo ya mwana. Inali yakale, yothimbirira m'makona, yolembedwa dzina la mwana, la mayi ake ndi la mudzi wawo ku Phalombe.

Mayi sasiyana ndi kadi ya kusikelo. Nyumba ikamapsa amayamba kutulutsa mwana, kenako kadiyo. Anaiika m'chikwama changa chifukwa ankadziwa kuti iye ndi chikwamacho akupita kumodzi. Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti. Nsapato zija, m'chiuno muja, m'nyumba mopanda poto muja, zonse zinabwera nthawi imodzi, ndipo ndinadzitukwana mawu amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa.

M'mawa mwake ndinapita kwa wapampando. Anamvetsera, nagwedeza mutu, nati nkhaniyi ndi yaikulu, ikufunika tikhale pansi tonse atatu, tilembe kalata, tione njira yoyenera. Namwino anali pa ntchito sabata yonse. Ndinawapsera mtima bambo aja, ndinawauza kuti jekete lawo silinapulumutsepo ngakhale nkhuku. Sanalakwe kuposa ine, kungoti ndinkafuna wina woti ndimukalipire. Loweruka ndinanyamuka ndekha, koma mvula inali itagwa masiku atatu, kamtsinje kaja katadzaza n'kukokolola mitengo ya mlatho. Ndinaima kutsidya kuno ndikuyang'ana madenga a zigafa, n'kubwerera. Mbuzi sikanalumpha tsiku limenelo.

Nditadzawoloka sabata yotsatira, sindinapite pakhonde. Ndinalunjika kukanyumba kaja. Chitseko chinali chomangidwa ndi luzi. Mayi wina wachikulire wa nyumba yoyandikana nayo, tenanti mnzake, anali akutsuka poto panja. Anandizindikira, koma sanandipatse moni.

“Mukufuna mnzanu uja? Anapita naye pa lole, patangotha masiku awiri chichokereni inu. Akuti abwana ali ndi mbale wawo ali ndi famu ku Zambia, kukusowa anthu osoka.”

“Famu yake iti, amayi?”

“Ife tingadziwe? Amatiuza ngati?” Anapitiriza kukwecha. “Poto uyu ndi wake. Anandipatsa m'mawa wa tsiku lija, ndi mphasa yomwe. Anavala nsalu zake zonse zitatu, ina pamwamba pa inzake. Kapitawo anaona. Mlonda anaona. Ife tonse kuzigafa tinaona, tinasiya kusoka, tikuti uyo wapita. Inu nokha, ophunzira.”

Ndinati pepani. Anandiyang'ana monga umayang'anira mwana amene waswa mtsuko, nati, “Pepani sapoletsa chilonda, aphunzitsi.”

Mwini esiteti ndinamupeza pakhonde pake. Anati mayiyo anapempha yekha kupita kwawo, ndipo iye mwa chifundo anamupezera galimoto. Anaitanitsa tiyi. Sindinamwe, ndipo ndi chokhacho chimene ndinakwanitsa kumuchita munthu ameneyo: ndinamusiyira tiyi wake kuti azizire.

Ndinamufunafuna mayiyo. Pa tchuthi ndinadutsa kawiri njira zachidule zimene anthu a malonda amadutsa polowa m'Zambia, kadi ili m'chikwama. Kutsidyako mafamu ali ndanda, ndipo ukafunsa za mayi wa ku Phalombe wa mwana kumsana amakuseka. “Amai a ku Malawi ni ambili kuno. Mufuna uti?” Ndinabwerako ndi matuza kumapazi. Pomaliza ndinalemba kalata kumudzi wolembedwa pa kadi paja, kudzera pa sukulu yapafupi, kufunsa ngati anafika. Miyezi inadutsa, yankho osabwera.

Ntchito ija sindinaisiye. Ndinakhalamo zaka zoposa khumi, mpaka maondo atayamba kukana. Ndinasiya kuyambira pakhonde la mwini malo, ndipo ankanditcha wamwano. Ndinasiya kukana chakudya cha tenanti. Aliyense wonditengera chikwama ndinkamusiya anyamule, ine pakamwa ndili chete, mpaka pamsewu, mpaka m'matola ngati akufuna. Ambiri ankangondiperekeza basi, n'kubwerera akudabwa kuti mphunzitsi uyu analeredwa kuti. Owerengeka sanabwerere. Koma malole sanasiye kupita kummwera. Ukatulutsa banja limodzi mu Epulo, mu Seputembala pabwera mabanja atsopano, nthawi zina lomwe lija, chifukwa kwawo anakapeza njala ikuwadikira. Munthu umatopa. Umatopa ndi misonkhano, umatopa ndi kuimba nyimbo pa tsiku lokumbukira, umatopa ndi kumva kuti chaka chino ndiye chaka chothetsa ukapolo.

Ulendo wina ku Lilongwe anatipempha kuti aliyense afotokoze chimene chamuyendera bwino. Ine ndinafotokoza za pamlatho. Nditamaliza, mlendo wina wakunja, mayi wamtima wabwino ndithu, analemba m'kabuku kake, nati limeneli ndi phunziro lofunika kwambiri, adzaliika m'maphunziro a mayiko ena. Anthu anawomba m'manja. Anatipatsa matisheti achikasu chaka chimenecho.

Yankho la kalata ija linadzafika ndithu, patatha chaka ndi miyezi, envelopu itadetsedwa ndi manja ambiri. Linalembedwa pa pepala la m'kope, ndi dzanja la munthu wina amene anawalembera mayi ake a mayi uja. Linali lalifupi. Anandipatsa moni, anathokoza kuti ndinawakumbukira. Anati mwana wawo sanafike, ndipo chichokereni kumudziko pa lole sanamvepo za iye, za imfa ya mkamwini wawo anamvera m'kalata yangayo. Anati munda wake akumulimirabe, sanaupereke kwa wina. Kenako panali mzere womaliza.

“Poti kadi ya mdzukulu wathu ili ndi inu, ndiye kuti munali naye limodzi pa ulendo. Chonde tiuzeni, munasiyana naye pati?”

Ndine mphunzitsi, makalata ndalembera anthu ambirimbiri, a maliro, a ukwati, opempha ntchito. Imeneyi ndinaiyamba kangapo. Ndinkalemba moni, ndinkalemba kuti ine ndili bwino kaya inu kumeneko, ndinkafika pa mawu oti pamlatho, cholembera n'kuima. Kalata yawo ndi kadi ija zili m'kajumbo ka shuga komwe kaja, pansi pa matisheti. Mwanayo ngati ali moyo ndi munthu wamkulu tsopano, mwina ali ndi wake kumsana. Agogo ake aja sindinawayankhe mpaka lero.